Mgolo Watsopano wa Mayi Felistas

Mayi Felistas sanabadwire ku Malawi, ndipo mpaka lero sanapondeko phazi. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, ku Zimbabwe, m'komboni momwe anthu ankalankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona. Bambo awo anali a ku Dedza, ndipo ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'nyumba zowambira fodya. Nyengo ya fodya ikatha ankakawedza ku damu la pa famupo, nsombazo n'kumaziwamba kuseri kwa nyumba, pa waya woyala pamwamba pa dzenje.

Famuyo italandidwa, anthu a m'komboni anabalalika. Mayi Felistas anafika ku Joni ali mayi wamasiye, mwana wawo Mutsa ali kumbuyo. Anapeza chipinda chimodzi m'nyumba yosanja ku Yeoville, ndi ntchito yochapa ndi kusita kwa adona ena ku Rosebank. Zaka zonse zimene Mutsa ankakula, chakudya chinkapsa pa kasitovu kamagetsi pafupi ndi bedi. Mwini nyumba sankalola makala ngakhale pakhonde. Fungo la nsomba zowamba ankangolimva akamadutsa mumsika.

Mutsa atayamba ntchito m'sitolo ina ku Honeydew, onse awiri anasamukira ku Zandspruit. Kumeneko anapeza zipinda ziwiri za njerwa, ndipo kuseri kunali kabwalo kongokwana mphasa ziwiri ndi chingwe choyanikapo zovala. Tsiku limene ankalowa, Mayi Felistas anaima pa kabwaloko katundu akadali panja.

"Pano ndidzakoleza moto," anatero.

Koma moto sunayake msanga. Kunali kozizira, ndipo mwezi woyambawo anagona ndi chifuwa. Amene anawasamala ndi mayi wa kuseri kwa mpanda, Hanifa wa ku Mangochi, yemwe ankakhala mu mkhukhu, kachisakasa ka malata, ndi amuna ake. Mutsa akapita ku ntchito, Hanifa ankabwera ndi phala, tsiku lina mpunga wa nyemba, tsiku lina tiyi wa jinja. Mayi Felistas atachira, mbale sizinasiye kudutsa pamwamba pa mpandawo, koma zodzaza zinkachokera mbali imodzi yokha. Iwo zimenezi zinkawachititsa manyazi.

Kutayamba kufunda, nkhani ya chowotchera nyama, chija anthu a ku Joni amati bulai, inayambika. Loweruka lina Mutsa anawatengera ku sitolo yaikulu. Anawaonetsa bulai ya gasi yonyezimira, yamatayala, yoyatsa ndi batani.

"Iyi, amayi, palibe phulusa, palibe kukupiza. Mungodina basi."

Mayi Felistas anatsegula chivundikiro, n'kusuzumira mkati.

"Nanga utsi uchokera pati?"

"Ndiye ubwino wake umenewo. Ilibe utsi."

"Mara ine ndikufuna utsiwo."

Anazungulira sitolo yonse. Panali zina zosavundikira, zimene iwo sanazifune n'komwe, chifukwa mphepo ya ku Zandspruit ikanyamula khala limodzi lokha, mikhukhu yoyandikana ija imapsa mzere wonse. Anabwerera pa tekisi opanda kanthu.

Lolemba lake adona a ku Rosebank atamva za ulendowo anaseka. Iwo anali atagula bulai yatsopano, ndipo yakale, yakuda yozungulira, ya makala, yokhala ndi chivundikiro, inangokhala m'galaja. Anawauza kuti aitenge. Mayi Felistas ankaidziwa bwino bulai imeneyo, popeza ndi iwo amene ankaikwecha Lolemba lililonse. Inali yolimba. Anathokoza, nanena kuti afuna galimoto yodzanyamulira.

Madzulo ake anafotokozera Hanifa pa mpanda paja, akuanula zovala.

"Mwachita mwayi, achemwali," anatero Hanifa. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Ankawotcherapo chiyani azunguwo?"

Mayi Felistas anayamba kutchula nkhuku, masoseji, kenaka anaima. Nthiti za nkhumba ndizo zinkapsa pa waya umenewo pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mafuta ake anali atalowerera mpaka m'makona mosafika bulashi. Hanifa ndi Msilamu.

"Musadandaule za ine," anatero Hanifa. "Ndizidzabwera kudzacheza, ndizidzadya zakwathu. Chinthu chopatsidwa sakana."

Koma Mayi Felistas anaikana. M'mawa mwake anawauza adona zoona zake, kuti pali mnzawo amene sangadye chochokera pa waya umenewo. Adona anadabwa pang'ono, kenaka anati aipereka kwa wa m'galadeni. Mutsa atamva anangopukusa mutu.

"Ya gasi mwakana, yaulere mwakana. Ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?"

Chimene ankafuna anakachifotokoza kwa Naison, wowotcherera zitsulo wa m'mbali mwa msewu, yemwenso makolo ake anali Amalawi a ku migodi ya ku Zimbabwe. Anamuuza kuti akufuna mgolo woimirira, kachitseko ka moto pansi, mawaya awiri mkati, wina pafupi ndi makala wowotchera nyama, wina pamwamba wowambira nsomba, ndi chivundikiro chothina. Naison anawalozera migolo imene inali pamenepo. Iwo anainunkhiza umodzi umodzi. Wina unkanunkha dizilo, wina penti.

"Ndikatentha mkati zonsezi zichoka, amayi."

"Ayi mwanawe. Undifunire umene munali chakudya. Ndipo waya ukhale watsopano, usanakhudze nyama ya mtundu uliwonse."

Naison anachita kuufunafuna. Patapita masabata anabwera nawo pa wilibala mgolo umene munali madzi a zipatso, utapakidwa penti wakuda kunja kokha. Anaukhazika pa njerwa pakati pa kabwalo, kutali ndi mpanda.

Kuwamba koyamba sikunayende. Mayi Felistas anagula nsomba za makelele ku buchala, nazitumbula, nazithira mchere, koma nkhuni anatola matabwa a paini otayidwa kumsewu. Utsi unatuluka wakuda, nsomba zinatuluka zakuda. Komabe anaika ziwiri m'mbale, n'kuipereka pamwamba pa mpanda. Hanifa anaima pomwepo, nabenthula, natafuna nthawi yaitali.

"Zikuwawa, achemwali."

"Ndikudziwa."

"Koma ndizimaliza." Ndipo anazimalizadi, onse awiri akuseka mpaka misozi.

Hanifa anakulira pakati pa amayi owamba nsomba, choncho anawauza kuti paini ali ndi utomoni wowawitsa chakudya, ndiponso kuti moto wawo unachuluka. Loweruka lotsatira anabwera yekha ndi nthambi zouma za pichesi zimene amuna ake anadula pa ganyu, ndi zitsononkho za chimanga. Anakoleza kamoto kakang'ono, n'kutseka kachitseko kusiya kampata kongolowa chala. Anakhala pa zidebe kuyambira m'mawa, wina akusimba za Mangochi, wina za pa famu, ndipo Hanifa ankaseka mawu a Chishona amene ankalumphira m'Chichewa cha mnzake. Dzuwa litapendeka anavundukula. Nsomba zinali zofiirira, zouma bwino kunja, zofewa mkati, ndipo fungo lake linafika mpaka pa mpopi wa madzi, moti amayi awiri anabwera ndi zigubu zawo kudzafunsa ngati n'zogulitsa. Mayi Felistas anati ayi, koma anawapatsa imodzi kuti agawane.

Mutsa anafika kuchokera ku ntchito akadali ndi yunifomu. Anatenga nsomba pa waya ndi manja, nadya ali chiimire, kenaka anatenganso ina. Atasamba m'manja anakhala pa chidebe pafupi ndi mayi ake, akuyang'ana pansi.

"Amayi, waya wapansiwu nkhuku ingapse bwino?"

"Ipsa. Bwanji?"

"Pali munthu amene ndikufuna mumuone. Timagwira limodzi ntchito. Ndimati abwere Lamlungu tikachoka ku tchalitchi."

Hanifa anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mbale ngati sanamve. Mayi Felistas anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndi wa kuti?"

"Wa konkuno. Mzulu."

"Ndiye ugule nkhuku ziwiri, ku buchala kumene amagula a Hanifa. Umuuze abwere ndi njala."