Dziko la Ufa la Amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene mabuku a zithunzi anafika kwathu kwa Kaduya. Anabwera m'makatoni pa galimoto ya kumishoni, ndipo anawaika m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe kale ankasungiramo mabenchi othyoka. Pachitseko analembapo ndi penti kuti laibulale, koma ife tinkangoti kwa a Nyirenda. Woyang'anira wake anali Mayi Nyirenda, mkazi wa mphunzitsi wina wochokera kumpoto, munthu wamtali amene Chichewa chake tinkachitsanzira tikakhala patokha.

Lachitatu lililonse masana azimayi a ana aang'ono ankasonkhana kumeneko. Mayi Nyirenda ankayala mikeka pansi pa mtengo wa mango, n'kuika beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo pambali. Lamulo lawo linali limodzi, loti usanagwire buku uyambe wasamba m'manja, ngakhale ukhale wokwawa. Mabuku a ana akhanda anali ndi masamba okhuthala ngati katoni, ndipo m'makona monse munali zipsera za mano. Mayi Nyirenda ankawerenga atakweza buku m'mwamba, uku akulira ngati ng'ombe kapena bakha, mayi wamkulu ndithu, mpaka azimayi kugwetsana ndi phwete. Pomaliza mayi aliyense ankaloledwa kubwereka buku limodzi kwa sabata.

Ine sindinali wa gulu limenelo. Ndinali wamkulu, wa sitandade 2, koma ndikaweruka ndinkatsatira amayi ponamizira kuti ndikawalandire kubereka Tadala, mng'ono wanga wa zaka ziwiri. Kunena zoona, chimene chinkandikoka chinali fungo la mabuku aja, lofanana ndi la nsalu yatsopano.

Amayi sanapiteko kusukulu. Sichinali chinsinsi, ndipo pamikeka paja sanali okha. Mayi Nyirenda ankangowalembera dzina m'kaundula osafunsa zambiri. Buku lobwerekalo amayi ankalikulunga m'jumbo ya shuga, ndipo kunyumba ankalisunga m'ndowa yovundikira poopa chiswe.

Chaka chimenecho chimanga chinatithera Khirisimasi isanafike. Bambo anali kumadoko a asodzi ku Chilwa, ndipo ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo ndi timatemba tochepa. Masiku ambiri tinkadalira kalongonda. Amene anaphikapo kalongonda akudziwa kuti safuna munthu waphuma. Umateleka m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka, apo ayi aledzeretsa banja lonse. Koma mwana wa zaka ziwiri ungamuuze zimenezo? Tadala ankalira akuloza mphika, kulira kotopetsa kuja kopanda misozi.

Zikafika pamenepo amayi ankasamba m'manja, ngakhale panalibe a Nyirenda owaona, n'kutulutsa buku m'ndowa. Ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, Tadala pamiyendo, ine nditatsamira phewa lawo lonunkha utsi.

Panali buku lina limene tinalibwereza milungu ingapo. M'zithunzi zake zonse munali moyera: pabwalo poyera, madenga oyera, mitengo yoyera. Munali ana awiri ovala zipewa ndi galu wakuda.

"Taona, Tadala," ankatero amayi, "kuno ndi kudziko la ufa. Anthu a kuno akolola mpaka asowa pouyanika. Ayanika pabwalo, ayanika padenga, wina mpaka pamitengo. Ana awa akhuta, ndiye wotsalawo akuumbira munthu, amuika mphuno ya mbatata. Galu uyu wagweramo, taona wayera ngati wachokera kuchigayo."

Nkhaniyo sinkafanana tsiku ndi tsiku. Lero ana aja ankatuma galu kuti atibweretsere thumba limodzi kwa Kaduya, mawa munthu wa ufa uja ankathawa poopa kuphikidwa phala. Ikafika pokoma amayi ankalowa m'Chilomwe osazindikira, mawu akukwera ndi kutsika ngati akuimba. Tadala ankanyambita tsambalo, n'kuiwala za mphika. Inenso ndinkaiwala, ngakhale sindikanavomera pamaso pa anzanga.

Tsiku lina ndinalizembetsa bukulo, n'kupita nalo kusukulu. Ndinkafuna aphunzitsi athu, a Phiri, aone kuti kwathu kuli buku la Chingerezi. Ndinawafotokozera za dziko la ufa, ndipo anaseka mpaka kuvula magalasi. Sanaseke mwachipongwe, koma kwa ine kunali kuseka basi. Anandiuza kuti zoyerazo ndi madzi oundana amene amagwa ngati matalala kumayiko ozizira, ndipo palibe angaphike nawo kanthu. Ndinabwerera kunyumba manyazi atandigwira. Panjira manyaziwo anasanduka mkwiyo, ndipo pofika pakhomo ndinali nditadzitukumula kuti ndikudziwa chimene amayi sakudziwa. Ndinazisunga masiku awiri, zikundiyabwa pakamwa.

Lachitatu lake Mayi Nyirenda anati akufuna kuti mayi mmodzi azitsogolera nkhani sabata iliyonse. Anali atamva Tadala akufuula kuti "ufa, ufa" akaona bukulo, ndiye anayambira kwa ife.

"Amake Linesi, tabwerani kutsogolo kuno mutiuzeko za ufawo."

Amayi anakana akuseka, atabisa nkhope ndi chitenje. Anzawo anawakankha mpaka anadzuka. Anakhala pa kampando ka a Nyirenda, n'kukweza buku m'mwamba monga ankaonera. Poyamba mawu ankanjenjemera, koma atafika pa galu uja anamasuka. Ana anakwawira kufupi. Azimayi anayamba kuyankhira, wina n'kufunsa ngati dziko limenelo kumapita minibasi. Sindinawaonepo amayi akuwala nkhope chonchija pagulu. Iwo anali munthu wokhala kumbuyo, kaya kutchalitchi kaya pamaliro.

Pamenepo m'pamene ndinaimirira.

"Amayi, mukunama," ndinatero mokweza. "Si ufa umenewo. Aphunzitsi anena kuti ndi madzi oundana. Komanso simukuwerenga, mawu onsewo mukungowalumpha."

Mayi wina anaomba m'manja kamodzi, n'kunena chapansipansi kuti, "Ana a masiku ano." Mayi Nyirenda anandiyang'ana diso lofiira.

"Linesi, khala pansi. Pitirizani mayi, tikumva bwino."

Amayi anamwetulira, koma kumwetulira kwa milomo yokha. Anatseka bukulo pang'onopang'ono, n'kundipatsira ndi manja awiri monga amapatsira madzi kwa mlendo.

"Werengani inu, aphunzitsi."

Ndinalilandira. Pa tsamba lonse ndinkadziwapo mawu atatu okha. Ndinachita chibwibwi, chala chili pa zilembo, thukuta likutsika kumsana. Ana aja anayamba kubalalika, wina kukayamwa, wina kukasewera ndi madzi a m'beseni. Tadala analira kufuna kuberekedwa.

Pobwerera ndinkayembekezera chikwapu, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikwapula. Iwo anangondiuza kuti nditole tinkhuni panjira. Madzulo anandigawira chakudya monga mwa masiku onse. Koma Lachitatu lotsatira anati kumunda kwachuluka udzu, ndipite ndekha ndi Tadala. Linzake anati mutu ukuwawa. Mayi Nyirenda anayenda wapansi kawiri konse kudzawanyengerera. Amayi anawayalira mkeka, kuwapatsa mango, kulonjeza kuti abwera, koma sanapondekonso.

Paulendo wachiwiri ndinawaperekeza Mayi Nyirenda mpaka pamsewu. Sanandikalipire. Anangoti, "Mawu a m'buku muja aliyense angaphunzire, iwenso uwadziwa posachedwa. Koma zimene amachita amako zija ine ndimayesa, sindikwanitsa." Ndinayankha kuti ndamva, koma sindinamve kanthu.

Kuyambira pamenepo ntchito yotonthoza Tadala ndi buku inagwera ine. Ndinkachita mwadongosolo, liwu ndi liwu, ndikumasulira zimene a Phiri andiuza. Tadala ankatsetsereka pamiyendo yanga, n'kupita kukaima pafupi ndi mphika. Amayi ankakhala chapatali akusonkhezera moto, osayang'ana kumene tinali. Ndinkafunitsitsa atanena kuti bweretsa kuno, koma kupepesa kunkandikanika. Ndinkaganiza kuti munthu wonena zoona sapepesa.

Zaka zinapita. Kachipinda kaja kanabwerera kukhala kosungira mabenchi a Nyirenda atasamutsidwa. Ine ndinapitiriza sukulu, ndipo lero ndimagwira ntchito ku Zomba. Loweruka ndimapita ndi mwana wanga Chisomo kulaibulale, komwe ana amakhala pa kapeti n'kumawerengeredwa nkhani. Kumeneko m'pamene zinayamba kundipweteka zenizeni. Chisomo sadikira kuti ndimalize chiganizo. Amaloza chithunzi, n'kundiyang'ana kumaso, kufuna ndimuuze za iye ndi za kwathu. Ine pakamwa pamauma. Ndimadziwa kutchula chilichonse cholembedwa, koma zilembo zikatha nanenso ndimathera pomwepo.

Chaka chatha ndinapita naye kumudzi nditanyamula buku la zithunzi m'chikwama. Masana tili pakhonde ndinamukhazika Chisomo pamiyendo ya agogo ake, n'kuika bukulo m'manja mwawo. Ndinapepesa za tsiku lija, mawu akundithawa ngati ndidakali wa sitandade 2. Ndinkaopa kuti anena kuti anaiwala.

Sanaiwale. Anaseka pang'ono, akusisita mutu wa mdzukulu wawo.

"Inu amake Chisomo, mumaganiza kuti sindinkadziwa? Ufa woyanika pamitengo munauonapo kuti? Ndinkadziwa kuti ndi zina zake za kwa azungu. Nanga mwana akulira njala, ndikanamuuza kuti taona madzi?"

Ndinawapempha kuti amufotokozereko Chisomo, ngakhale tsamba limodzi lokha. Anatsegula bukulo, kuliyandikiza kumaso, kulitalikitsa, kulipendekera kudzuwa. Kenako analipukuta ndi chitenje, n'kundibwezera.

"Ndikungoona mitambo, mwana wanga. Maso anatha awa. Muwerengereni inu."

Tsopano ndikudziwa kuti pakhonde paja nkhani sinali yoti amayi ankalephera kuwerenga ayi. Ankatidyetsa ndi chimene anali nacho, ndipo ine ndinawalanda pamaso pa anzawo chifukwa cha mawu atatu a Chingerezi. Ndimalakalaka masana amodzi okha, nditatsamira phewa lawo, iwo akutsegula tsamba. Anali okonzeka kundikhululukira kalekale. Ine ndi amene ndinachedwa, ndipo pamene ndinabwera nalo buku anali atasiya kuona zithunzi.