Akakowa a pazenera la azakhali

Azakhali anga anakalambira m'kagolosale ka amuna awo, kuseri kwa zitsulo za pazenera. Sopo, machesi, makandulo, zonse ankapatsira pakampata. Bambowo akamachoka ankakhoma chitseko ndi loko kunja, ati kuopa akuba. Akuba ake ati? Inali nsanje basi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Kutsidya kwa msewu kunali dambo lomwe munkatera akakowa, onse oyera mbee. Azakhali anali asanapondemo, koma mbalamezo ankazidziwa kuposa makasitomala awo. Ankazigawa m'mitundu poziyeza ndi zitsulo zija. Wokwana mumpata umodzi ankati ndi wotsata ng'ombe. Wodzaza mipata iwiri ndiye kakowa weniweni. Ndiye panali wina wamtali, wakhosi lopindika, wodzaza mipata itatu, amene ankaima yekha tsiku lonse osasuntha.

Ameneyo ndiye ankakanganitsa anthu pazenerapo.

"Wamkulu chonchija ndi chimeza, mayi, si kakowa," ankatero telala wa pakhonde.

"Onsewo ndi banja limodzi," ankayankha mphunzitsi wina wokonda kutsutsa.

"Mutcheni zomwe mufuna," ankatero azakhali. "Ine ndidzamuona kaye pafupi, ndione ngati amaphethira. Dzina ndidzamupatsa tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadekhadi. Ana anakula n'kuchoka, mawondo anayamba kuvuta, loko ali yemweyo. Bambowo atamwalira, ndinapita kukawagwira dzanja azakhaliwo.

"Tiyeni, azakhali. Mwini loko wapita."

Tinawoloka msewu pang'onopang'ono, iwo akutsinzina ndi dzuwa. Mbalame zinalipo zambiri, zina pafupi penipeni. Azakhali anayang'ana uku ndi uku, nkhope itagwa.

"Mwana wa achimwene, wanga uja ndi uti? Zonsezi zikuoneka zazikulu."

Ndinaloza. Anapukusa mutu. Kenaka anakweza dzanja, n'kutambasula zala patsogolo pa nkhope ngati zitsulo za pazenera, n'kusuzumira pakati pake.

"Eya, ndi uyo," anatero chapansipansi.

Ndinadikira dzina lija, koma silinabwere. Anatsitsa dzanja n'kutembenukira kumsewu.

"Tiye tizibwerera. Pazenera palibe munthu."