Maluwa Ofiira a kwa Dona

Anthu akamatamanda munda wa kwa Dona, ine mtima umandiwawa. Eti kunalibe wina wokongola chotero m'Chitipa monse, eti madzi ankachokera kumapiri a Mafinga m'ngalande ya miyala mpaka pakhonde. Inde, nzoona. Nanga ngalandeyo anakumba ndani? Pamenepo palibe amafunsa.

Dona anali mkazi wa mzungu amene anatenga malo kumtunda kwa Wenya nthawi ya atsamunda. Mwamuna ankalimbana ndi khofi, iye ndi maluwa. Adada anga anali othirira, amama ochapa zovala, ndipo ankakhala m'malayini a antchito kuseri kwa mpanda wa mikungudza. Azungu atachoka makolo anga anabwerera kumudzi, ine n'kubadwira kumeneko. Nyumba ija anthu anagumula n'kugawana njerwa, mikungudza inathera matabwa. Kwathu za kwa Dona sizinkakambidwa.

Chaka chatha kunamveka kuti malo aja agawidwa, anthu ayamba kuswa mphanje. Amama anasiya kudya. Ndinanyamuka pa Boma, pomwe ndimaphunzitsa, ndi mapanado m'thumba poganiza kuti ndi malungo.

"Mwana wane, ndiperekeze kwa Dona," anatero. "Mkulu wako amulima."

Mkulu wanga uti? Ine imvi mbuu, moyo wonse ndikudziyesa woyamba kubadwa!

Anandifotokozera akuyang'ana pansi. Mwanayo anali wamkazi, anabadwira m'malayini muja pakati pa dzinja, ndipo anamwalira asanatuluke m'chikuta, dzina asanapatsidwe. Wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete. Mitsinje inali itadzaza, kumudzi kosapitika. Anzawo awiri anakumba kadzenje m'mbali mwa ngalande, kunsi kwa munda, Dona asanadzuke. Anasalaza bwinobwino chifukwa Dona sankafuna manda pamalo pake. Adada anaba kachitsinde ka duwa lofiira, lija la masamba ngati a nthochi, amama n'kukadzala pamwamba kuti chikhale chizindikiro. Dona ataliona anati lamera lokha, alisiye.

Tinakwera njinga zamoto mpaka pothera msewu, kwinako wapansi. Amama, omwe kutchalitchi amafika kwaya itaimba kale, tsiku limenelo ankandisiya m'mbuyo. "Lili lokha, pafupi ndi ngalande," ankangobwereza. "Ndikaliona ndilidziwa." Ine m'njira monse ndinkakonza mawu okalalatira mwini mundayo.

Kenako tinatulukira pamalo paja. Chitunda chonse chinali psuu, kuyambira pa masitepe a miyala okwera popanda nyumba mpaka kudambo. Ngalande inakwiririka kalekale, madzi anatenga njira zina, maluwa n'kuwatsatira. Maluwa onse amanyado amene anapinda msana wa adada anafa. Lofiira lija lokha ndi limene linaswana.

Tinapeza bambo wina akugwebana ndi zitsinde, mulu waukulu atauunjika pambali kuti uume autenthe. Titapatsana moni anayamba kudandaula.

"Maluwa awa ndi mavuto, asisi. Ukazula kuno, amera uko."

Ndinamuuza chimene tadzera, mawu anga ali okwera ndithu. Iye anaika khasu pansi, navula chipewa.

"Pepani chomene, amama. Ndilozereni pamalopo. Khasu silifikapo, ndizunguliza miyala."

Bola akanandiyankha mwano, ndikanadziwa chochita. Ukali wanga wonse unasowa pogwera, manyazi n'kundigwira.

Amama analowa m'maluwamo, akuwafika pachifuwa. Anatsika, anakwera, anaima penapake n'kuyang'ana kuphiri ngati akuyeza, kenako anasunthanso. Anafunsa za mtengo wa mapeyala umene unali chakumanja. Bamboyo anati anaupeza chitsa, chitsacho anazula. Ndinkangoona duku lawo likuyenda uku ndi uku. Dzuwa linapendeka tili chiimire, ndipo sindinayerekeze kuwaitana.

Atatuluka, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo, anakhala pa sitepe ya pansi. Sanalire. Ndinalira ndine, mphunzitsi wamkuluwamkulu, kulirira munthu amene ndinali nditangomumva kumene.

"Ndi pati, amama?" anafunsa bambo uja motsitsa mawu.

"Limani waka, dada, ingolimani," anatero amama. "Ana anu adye. Koma khasu lisamazame. Tinkathamangira kuti Dona asadzuke, sitinakumbe kwambiri."