Buku la ku India ndi Njuchi za Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili mu Sitandade 6, pamene amayi anandibweretsera buku la zithunzi lochokera ku India. Nthawi imeneyo sukulu inali itangoyamba kumene kukhala yaulere, ndipo ana tinachuluka moti enafe tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, titakhalira njerwa. Ine ndinkakhala ndi agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi ku Mbombwe. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa Amwenye ena ku Limbe. Ankabwera pakutha pa mwezi atanyamula sopo, shuga ndi tizinthu timene ana a abwana awo anali atatopa nato.

Bukulo linabwera choncho. Chikuto chinali chitachoka kale, ndipo mapepala ake ankanunkhira zokometsera ndiwo za m'khitchini ya eni ake. Tsamba lililonse analigawa m'timabokosi ta zithunzi, mawu a anthu ali m'timabwalo toyera pamwamba pa mitu yawo. Chingerezi changa chinali chopunduka, koma zithunzizo zinkayankhula zokha. Inali nkhani ya alimi a ku India m'nthawi ya atsamunda, amene ankakakamizidwa kulima mbewu ya mzungu m'minda mwawo m'malo mwa mpunga wodya ana awo. Mayi wina anakana. Asilikali atabwera kudzamugwira, m'chitsime cha pamudzipo munatuluka chinjoka cha mitu yambiri, chovala chisoti chachifumu, ndipo mfuti zonse zinagwa pansi.

Buku limeneli linandisandutsa munthu wofunika. Nthawi yopuma anzanga ankandizungulira, ine n'kumawerenga zimene ndinkatha, zotsalazo n'kumangopeka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo ngati chinjokacho chinalipodi. Zinali m'buku, zinali m'Chingerezi, ndipo zinachokera kutali. Kwa ife zimenezo zinali zokwanira.

Agogo anga anali Mlomwe wamtali, wa mano ochepa, amene ankaluka malichero ndi madengu n'kumagulitsa tsiku la msika. Chinyanja chawo chinkatsamira ku Chilomwe, ndipo nkhani ikawakomera ankangolowa m'Chilomwe chenicheni osazindikira. Ankanditchula kuti "akazi anga," monga amasewerera agogo ndi adzukulu awo, ndipo ine ndinkawayankha kuti "amuna anga opanda mano." Kunyumba ndinkawakonda kwambiri. Koma kusukulu ndinkabisa kuti ndimamva Chilomwe, chifukwa kunali ana ena amene ankatinena kuti Anguru, n'kumalitchula dzinalo ngati akulavula.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu, a Makwinja, ankatiphunzitsa za thangata. Anati buku la sukulu linangokanda pamwamba, ndipo kunali bwino kumva kwa munthu amene anaona ndi maso. Sindikudziwa amene anawalozera kwathu. Ndinangoona m'mawa wina agogo akutulukira kuseri kwa ofesi ya ahedi, atavala jekete lawo lopita nalo kutchalitchi ndi nsapato za matayala. Jeketelo anali atalisita ndi simbi yobwereka. Nditawaona, sindinakondwe.

Aphunzitsi anawapatsa mpando wawo. Agogo anayamba pang'onopang'ono. Anati bambo awo anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ali mwana, ndipo iwo anabadwira pa esiteti ya mzungu cha ku Namadzi. Pofuna kuti banja likhale ndi pomanga nyumba, amuna ankayenera kugwira ntchito m'munda wa fodya wa mzungu nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene chimanga chawo chinkafuna khasu. Kalasi yonse inatchera khutu. Ngakhale anyamata a kumbuyo anasiya kuponyerana nthangala za mango.

Kenako anafika pa nkhani imene ndinali nditaimva kambirimbiri kunyumba. Achimwene awo, a Yotamu, anathawa thangata tsiku lina kukalimira amayi awo, amene munda wawo unali utamera tchire. Kapitawo anabwera ndi mzungu ali pa hatchi kuti adzawakwapule. Amayi awo anaima pakhomo, nayang'ana mtengo waukulu wa pabwalo, naitana m'Chilomwe. Pomwepo njuchi zinatuluka m'mphako ngati utsi, zinaphimba hatchi, zinaphimba kapitawo, mzungu n'kuthawa wapansi chipewa atachisiya.

Pofika pamenepa agogo anali ataimirira, manja ali m'mwamba, Chinyanja chitawathawa. Mnyamata wina dzina lake Fanuwelo anayamba kulira ngati njuchi. Ena anamutsatira, mpaka kalasi yonse inagwa ndi phwete. Mtsikana amene ndinakhala naye pa njerwa imodzi anandigunda ndi chigongono.

"Kodi njuchi za kwanu zimamva Chinguru?" anandinong'oneza.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza kanthu. Ndinangopezeka nditaimirira, buku la ku India lili m'manja.

"Aphunzitsi," ndinatero, "zimenezo ndi nthano chabe za anthu osaphunzira. Mbiri yeniyeni imakhala m'mabuku ngati ili."

Kuseka kunaleka. A Makwinja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Khala pansi, Esinati." Agogo anatsitsa manja awo. Anamaliza ndi mawu ochepa, nathokoza aphunzitsi mowerama pang'ono, natenga ndodo yawo. Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo mwina chikanandipepukira. Koma aphunzitsi anangoti, "Tenga mabuku ako uwaperekeze agogo ako mpaka kunyumba."

Unali mwezi wa February, chimanga chitamasula ngayaye mbali zonse za njira, dothi lofiira likumata kumapazi. Agogo ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Titawoloka kamtsinje ka pakati pa sukulu ndi kwathu, anakhala pa mwala wina pamthunzi, navula jekete lija n'kulipinda bwinobwino.

"Esinati, tandipatsa buku lakolo ndilione."

Dzina langa linandilasa kuposa mbama. Sindinkakumbukira tsiku limene anandiitanapo nalo.

Agogo sankadziwa kuwerenga. Anapukuta manja pa thalauza, naligwira bukulo patali ndi maso, n'kumatembenuza masamba ndi chala chonyowetsa ndi malovu. Atafika pa chinjoka chija anaseka pang'ono chamumtima.

"Kani awanso anali ndi njuchi zawo," anatero.

Kenako anabwerera m'mbuyo, mpaka pa tsamba lina limene ine ndinkalidumpha nthawi zonse powerengera anzanga, chifukwa panalibe zozizwitsa. Panali munthu atagonekedwa chafufumimba, kapitawo atakweza chikoti, mzungu ali chapatali pa hatchi. Anthu awiri a m'mudzi momwemo anali atamupanikiza wogonayo, wina kumanja, wina kumiyendo. Wa kumiyendoyo anamujambula atatembenuzira nkhope kumbali. Agogo anaika chala pa iyeyo.

"Uyu ndani?"

"Alibe dzina, agogo. Sayankhula chilichonse m'bukumu."

"Uyu ndine," anatero.

Anandiuza maso ali pa tsambalo, m'Chinyanja chosavuta, mawu awo ali pansi. Tsiku limene kapitawo anabwera, amayi awo anaimadi pakhomo, ndipo anaitanadi kumtengo kuja. Sikunatuluke kanthu. Agogo anali mnyamata, ndevu zisanamere. Kapitawo anawaloza n'kunena kuti mng'ono wa Yotamu ndiye agwire miyendo ya mkulu wakeyo pokwapulidwa, apo ayi nyumba igwetsedwe ndipo banja lonse lichoke pa esiteti. Anagwira. Anati chikoti chikatera pamsana, iwo ankachimvera m'manja mwawo, chifukwa miyendo ya achimwene awo inkadumpha, ndipo iwo ankayenera kuipanikiza kwambiri kuti zithe msanga.

"Nanga njuchi?" ndinafunsa.

"Njuchi zinabweradi. Koma zinabwera patapita masiku, achimwene ali gone chafufumimba m'nyumba, amayi akuwathowa ndi madzi ofunda. Zinamupeza kapitawo panjira, zinamuluma mpaka maso anatsekeka. Amayi anati ndi iwo anazituma, zinangochedwa kumva. Ife tinawakhulupirira."

Anathamangitsa ntchentche pa bondo.

"Amene anayamba kuzifotokoza ngati zinachitika tsiku limodzi ndi achimwene omwewo. Ankazifotokoza akuseka, ine ndili pomwepo. Ndinazindikira kuti akutero kuti ine ndizitha kuwayang'ana kumaso. Kenako anapita ku Halale kukafuna ntchito, osabweranso. Nkhaniyo anandisiyira momwemo, ndipo ine ndaisunga momwemo."

Anatseka buku lija n'kundibwezera ndi manja awiri, ngati mmene amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"Ndimafuna anzako adziwe kuti unachokera kwa mayi amene sankaopa mzungu. Zinazi ndi zanga. Koma poti wafuna mbiri yeniyeni, ndi imeneyo."

Sindinawapepese. Ndinangotola jekete lawo n'kulinyamula pamutu pamodzi ndi mabuku, tinayamba kuyendanso. Titafika kunyumba anakhala pakhonde n'kupitiriza lichero limene analisiya m'mawa. Ine ndinasesa pabwalo posesa kale, ndinatunga madzi mitsuko ili yodzaza, kungofuna kuti andione ndikugwira ntchito. Anandithokoza pa chilichonse mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandipweteka.

Amayi atabwera pakutha pa mwezi, ndinkadikira kuti nkhaniyo iwapeza. Agogo sanawauze. Amayi anandifunsa ngati ndikufuna buku lina, popeza ana a abwana anali ndi ambiri otere, ndipo anadabwa nditakana. Lija ndinali nditasiya kupita nalo kusukulu. Anzanga anandivutitsa kwa sabata zingapo, kenako anaiwala, monga amachitira ana. Fanuwelo ankandiliriranso ngati njuchi ndikamadutsa, ndipo tsiku lina ndinamuyankha m'Chilomwe, pamaso pa onse, mawu amene sindingawalembe pano. A Makwinja anawamva, koma anayang'ana kumbali.

Zinthu kunyumba zinabwerera m'malo pang'onopang'ono, ndipo nthabwala zathu zinayambiranso chimanga chitauma. Koma china sichinabwerere. Chaka chotsatira aphunzitsi anatumanso uthenga kuti agogo akayankhule ndi kalasi ina, iwo anati miyendo ikuwawa, chonsecho tsiku lomwelo anayenda wapansi kupita kumsika ndi mtolo wa madengu. Ana a azakhali anga akawapempha nkhani ya njuchi, ankayang'ana kumene ndinali ine n'kunena kuti aiwala. Anamwalira ine ndili ku sekondale, ndisanawauze kuti aifotokozenso mmene ankaifotokozera, ataimirira, manja ali m'mwamba.

Masiku ano ndimawaona mabuku otere m'masitolo a m'tauni, ena akuluakulu olembera anthu aakulu, milungu ya ku India ndi asilikali a atsamunda ali pa tsamba limodzi. Ndinamvapo munthu wina wophunzira akudandaula kuti mabuku amenewa amasokoneza ana, chifukwa sasiyanitsa zimene zinachitikadi ndi zopeka. Sindinatsutsane naye. Ndinangoganiza kuti amene anajambula munthu wotembenuzira nkhope kumbali uja ankadziwa bwino lomwe zimene zinachitikadi, mwina anazimva kwa agogo ake, ndipo chinjokacho anachiika dala, kuti anthu a kwawo athe kufika kumapeto kwa buku mitu ili yodzutsa.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali kuchitira mwano munthu wamkulu pagulu. Kumeneko kunali kulakwa ndithu, koma kunali kwakung'ono. Chimene ndikuchimvetsa tsopano, nditakula n'kukhala ndi zanga zimene sindiuza ana anga, n'chakuti munthu akakufotokozera zowawa zake mozikometsera, nthawi zina si kuti akukunamiza. Amakhala akukupatsa gawo limene ungathe kunyamula, lolemeralo n'kutsala nalo yekha. Agogo anasenza lawo kuyambira unyamata mpaka imvi popanda kulitula kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mwana wawo wobereka. Analitula kwa ine, pa mwala wa m'mbali mwa njira, osati chifukwa ndinali woyenera kulimva, koma chifukwa kamwana kamene ankakakonda kanali katawatcha wabodza, ndipo analibe china chogulira ulemu wake.