Atelala ndi chinkhwe chawo

Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni ya Balaka pamakhala atelala okalamba omwe sapalasa makina popanda chinkhwe chawo pambali. Mbalameyi imalira ngati sitima, imapereka salamu kwa makasitomala, ndipo amayi a chipani akabweretsa nsalu zovinira, imawalandira ndi nthungululu.

Atelalawa sataya kanthu. Kansanza kalikonse amasunga, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Chakudya sichitayidwa, chimangosintha mwini."

Dzinja lina mtedza wa m'chitini unachita chuku. Akazi awo anati, "Tayani zimenezo!" Iwo iyayi, anangopatsa chinkhwe. Posakhalitsa mbalame inasiya kuyankhula, nthenga zili nyankhalala, ikupuma mobanika. Makina nawo anakhala chete, moti ife oyandikana nawo tinkadutsa pakhondepo monyang'ama.

Mlangizi wa ziweto atanunkhiza chitinicho anapukusa mutu. "Bambo, chuku chalowa m'chifuwa mwa mbalameyi, ndipo mankhwala ine ndilibe. Tsukani kakhola kake, mukapachike popita mphepo, muziipatsa chakudya chouma bwino. Zotsalazo n'za Mulungu."

Kuyambira pamenepo mtedza uliwonse atelala amayamba auluma okha: theka lawo, theka la mbalame. Mpaka lero amatero.

M'mawa wina chinkhwe chinadzikung'untha, n'kuona atelala akutola kansanza pansi. Chinakuwa ndi mawu enieni a akazi awo: "Tayani zimenezo!"

Atelala anavina pakhonde ponse, tepi yoyezera ili m'khosi, misozi ili mbwee. Koma kansanzako anakaika m'thumba.