Dzanja la Amalume M'malere

Ndinafika ku Joni ndi luso limodzi lokha, lokonza mawailesi, koma kumafakitale a ku Jet Park ankangofuna onyamula makatoni. Masiku osowa ganyu ndinkazungulira m'kachipinda ka amalume ku Germiston ngati nkhuku yofuna kuikira. Amalumewo anali mchona weniweni. Mgodi unawadya zala zitatu za kumanzere, ndipo gitala yawo inkangodya fumbi pamwamba pa kabati. Sankafuna n'kuiyang'ana komwe, ndipo zimenezi zinkandiwawa.

Tsiku lina m'magazini yotayidwa ndinaona chithunzi cha teremini, choimbira chimene suchikhudza, umangoyendetsa dzanja m'malere pafupi ndi kachitsulo. Ndinaganiza za amalume, ndipo kuyambira pamenepo sindinakhalenso pansi.

Azungu a ku Boksburg ankataya mawailesi akale a mavavu, timababu totentha tija. Ndinatola awiri kuti ndipangire teremini yangayanga. Waya ndinakulunga pa paipi ya pulasitiki, eriyo ndinazula pa galimoto yakufa, bokosi lake linali dirowa ya tebulo. Ndinapsa zala, magetsi anandigwira kawiri, ndinatukwana m'zinenero zitatu.

"Wena, udzatiotchera nyumba ya eni ake," amalume ankatero. "Kafune ntchito uko."

Lamlungu lina masana choimbira changa chinalira, koma kulira kwake ngati nkhumba ikuphedwa. Vuto linali ine. Choimbirachi chimamva thupi lonse, ndipo ine kuima phee sindinkatha. Phazi linkagwedera, khosi linkatembenukira kuchitseko galimoto ikangoima panja, poti mapepala ndinalibe. Ndinapsa mtima mpaka ndinafuna kuchiponda.

"Tasuntha apo," anatero amalume.

Iwo anaima nji, osagwedezeka. Zaka za pansi pa nthaka zinawaphunzitsa kudekha. Anatulutsa dzanja lodukaduka lija, limene ankalibisa m'thumba ngakhale kutchalitchi, n'kuliyandikiza kukachitsulo pang'onopang'ono. Dzanjalo linkanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kunalowa m'mawu, choimbira chija n'kuyamba kumveka ngati mayi woimba pamaliro. Anafufuzafufuza m'malere momwemo mpaka anaipeza nyimbo ya kwaya ya kwathu, imene ankaiimba pagitala ine ndisanabadwe. Ndinalira osabisa nkhope.

Atamaliza sanandithokoze. Anangoliyang'ana dzanja lawolo nthawi yaitali, osalibwezera m'thumba.

"Mawa ulawire ku Jet Park," anatero. "Koma usanapite, undionetse poyatsira."