Mpunga wa Amayi ndi Dambo Limene Ndinakwirira

Kuseri kwa nyumba zomaliza za ku Zengeza 2, kuno kudziko la Achishona, kunali dambo, ndipo m'dambomo amayi anga anali ndi kadimba ka mpunga. Mbewu yake anabwera nayo malemu abambo kuchokera ku Malawi, atamanga pakansalu, nthawi imene ankadzafuna ntchito kuno. Unali mpunga wonunkhira moti ukakhala pamoto, anthu oyandikana nafe ankabwera kudzabwereka mchere ali nawo kwawo. Chaka ndi chaka amayi ankapatula ngala zabwino n'kusunga mbewu m'chitini cha penti, kudikira mvula.

Ife ana a anthu obwera tilibe kumudzi kuno. Pa Khirisimasi anzathu Achishona ankakwera mabasi kupita kwawo, ife n'kutsala kukamwa yasa. Ndiye nditakula, nditamva kuti m'dambo muja akugawa malo omangapo nyumba, sindinafunse kawiri. Ndinasankha pa dimba la amayi penipeni, poti m'mutu mwanga malowo anali athu kale.

Kunabwera azimayi a gulu losamalira madambo. Anatifotokozera kuti dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo tikalikwirira zitsime ziphwa. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawafunsa ngati akufuna kuti ana anga azigona m'bango pamodzi ndi achule. Anthu anafa nacho chiseko, ine n'kudziona wanzeru. Masiku ano Loweruka ndimatola nawo mapulasitiki m'kadambo kamene kanatsala, ndipo za achule zija amandikumbutsabe.

Amayi okha sanaseke. Titafika kunyumba anandifunsa kuti, "Nanga mwanangu, mpunga wa bambo ako ndizidzala kuti?"

"Hazvinetsi, amayi," ndinawayankha m'Chishona changa chothawira nkhani, kutanthauza kuti palibe vuto. "Chaka chimodzi chokha, tikupezerani pena."

"Mbewu siidikira munthu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Malole anathira zidutswa za njerwa ndi dothi lofiira mpaka madzi onse anabisika. Anzanga nawo anachita chimodzimodzi, moti pena paja sipanapezekenso. Chaka chimodzi chinasanduka zaka zinayi. Nyumba ndinamanga, inde, koma nthawi ya dzinja makoma amachita chinyontho mpaka m'mawindo, ndipo chitsime chathu chimaphwa dzuwa lisanayambe n'kutentha komwe. Ndinamva nkhwangwa ili m'mutu.

Chaka chachinayicho amayi anatopa n'kudikira. Anatsegula chitini chija, anaviika mpunga wonse m'beseni, kenako anauyala pa saka lonyowa kuseri kwa nyumba yanga yatsopano. Ankati ukangomera pang'ono audzala ngakhale m'mabigiri, bola mbewu isafe. M'mawa uliwonse ankavundukula saka, kuyang'ana, kuwaza madzi, kuvundikiranso. Ine ndinkadutsa mothamanga ngati ndachedwa kombi, minibasi ya ku Huruyadzo, chifukwa manyazi anali atandigwira.

Patatha milungu iwiri anandiitana. "Bwera udzaone."

Ndinagwada pambali pawo. Mpunga unali utada, ukununkha chowola, popanda n'kamodzi komwe kophukira. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Iwo anangoupapasa ndi chala, akusanthula njere imodziimodzi mpaka kumapeto kwa saka.

"Basi," anatero. "Bambo ako tsopano apitadi."

Anapinda saka lija n'kundipatsa kuti ndikataye ndine.